Bakapu ya Lachisanu

Usiku wathawu ndinalota, anzanga inu, ndipo tsitsani kaye zidebezo, mjigo suthawa. Iwe Dorofe usandidule pakamwa, malotowa ndikapanda kuwanena andiphulitsa mutu. Mukudziwa kuti kompyuta ya ku ofesi kwathu ku sikimu ya mpunga idafa Lachiwiri ndi mphenzi ija. Mukudziwanso kuti lero lino komiti ikumva mlandu wa Nangondo ndi alamu ake a Bizaliyele, omwe akufuna kumulanda puloti ya malemu amuna ake a Filimoni. Malemuwo asanatisiye adabwera okha pa kabaza, akutsokomola, kudzasinthitsa pulotiyo kuti ikhale m'dzina la mkazi wawo. Ndidalemba ndine, ndi zala zangazi. Umboni wake uli mu kompyuta yakufayo basi, poti mabuku akale aja tidagawira amayi a zitumbuwa tsiku lomwe a tcheyamani adalengeza kuti sikimu yathu yalowa mu dijito.

Ndiye ndinalota tili pa maliro a kompyutayo. Anaigoneka pamkeka pakati pa ofesi, ataifunditsa chitenje cha kwaya. Kiyibodi inali kumutu ikulira mokuwa, mabatani akuyoyoka, pomwe mausi inkangozungulira siwa yonse ikukoka chingwe chake, kufunsa aliyense ngati wapatsidwa madzi osamba m'manja. Pulinta ndiyo inasankhidwa kuwerenga mbiri ya malemu. Inakonza kukhosi n'kuyamba kuti, "Malemuwa anabadwa..." pepala n'kuitsamwa. Anaimenya kumsana, inayambanso, "Malemuwa anabadwa..." n'kutsamwanso. Anthu anati basi, mbiri yamveka, tipitirize mwambo.

Mwadzidzidzi Nangondo anandikoda paphewa. Anali atasenza mtolo wa mbande za mpunga, madzi akudontha kumaso.

"A mlembi," anatero, "dzina langa lili m'mimba mwa malemuwa. Musawaike m'manda ndisanalitenge."

Ndisanayankhe, a Tsokalida, tcheyamani wathu, anaimirira n'kukweza dzanja. "Anamfedwa, pukutani misozi! Ife si sikimu wamba. Ife tili ndi bakapu!" Akulankhula choncho khosi lawo linayamba kufiira n'kulendewera, jekete n'kutambasuka kumbuyo kukhala nthenga, mpaka patsogolo pathu panaima nkhukutembo yonenepa, cholembera chili m'thumba. Palibe anadabwa. Amayi analuluta.

Apa ndiime kaye, chifukwa inu a kumsika bakapuyo simukuidziwa, ndipo izi ndikunena tsopanozi si maloto ayi. Ndi kabokosi kakuda kokwana m'dzanja, amati diraivi. Lidatipatsa bungwe lina zaka zitatu zapitazo kuti tizikoperamo zonse za mu kompyuta, ikadzafa tidzazibwezeretse. Ku semina yophunzitsa zimenezi kudapita a Tsokalida okha, poti kunali nkhuku ndi tisheti. Adabwerako ndi lamulo lakuti bakapu isungidwe pamalo otetezeka, ndipo iziyenderedwa Lachisanu lililonse. Ndiye Lachisanu lililonse nthawi ya fili koloko timatsekula kabati, kuitulutsa, kupukuta fumbi pabokosi lake, kuiyang'ana mbali zonse, kusaina mu kaundula, n'kuibwezera. Tsiku lina ndidafunsa kuti kodi siyofunika kuilumikiza ku kompyuta? Iwo adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mai Elube, ku semina mudapita ndinu kapena ine? Chingwe ndiye njira ya mavairasi." Mtima udandiuza kuti apa palakwika, koma ndidatseka pakamwa n'kusaina, ndipo ndakhala ndikusaina mpaka sabata yathayi.

Ndiye m'malotomo nkhukutembo inapita pa kabati ndi kiyi kukamwa, koma kabati inakana.

"Lero ndi Lachingati?" inafunsa.

"Lachinayi," ndinayankha.

"Ine ndimatsekuka Lachisanu. Mubwere mawa."

A Tsokalida anatembenukira kalendala ya pakhoma n'kuikalipira kuti ikuchedwetsa chitukuko. Kalendala inapepesa, n'kudzifufuta Lachinayi ndi malovu. Kabati inati gwaa, kutsekuka.

Mwadzidzidzi kunja kunamveka njinga yamoto. Anali a Dzimbiri, katswiri wa makompyuta uja timamuitanitsa kutauni. Atavula chisoti, tinaona mlomo wautali wachikasu, kenaka khosi, khosinso, khosi lokhalokha. Anali kakowa, shati yoyera mbee, chikwama cha laputopu kumsana, akunyamula miyendo mmodzimmodzi kuopa matope a pakhomo. Anajompha bokosi lija, kujomphanso pulasitiki yomwe diraivi idabwera nayo kusitolo, diraiviyo n'kutuluka ikupuma mwawefuwefu.

"Haaa, mpweya! Kodi nonsenu ndinu ndani?"

"Iii, sukutidziwa?" ndinatero. "Timakuona Lachisanu lililonse."

"Oo, ndinu aja ondipukuta. Mai, muli ndi mtima wanji inu? Zaka zitatu osandipatsako ngakhale kafayilo kamodzi! Mumangondisuzumira ngati wodwala m'chipatala, kusaina, n'kumapita. Nanga chingwe changa chili kuti?"

Nkhukutembo inayang'ana kudenga. Chingwecho chinali pakhoma, chikuchaja foni ya a Tsokalida.

Ine ndinakokera a Dzimbiri pambali n'kuwanong'oneza kuti bambo, musavutike, m'menemo mulibe kanthu. Iwo anandiyang'ana ndi diso limodzi, mutu uli chopendeka.

"Mai, ine ntchito yanga ndi kubwezeretsa zomwe munasunga. Zomwe simunasunge si dipatimenti yanga."

Ndiye poti kompyuta inali mtembo, panalibe polumikiza. Ofesi yonse inangonyamuka ndi ife tomwe, kutsetsereka pa masitepe, thapsa mu ngalande yaikulu, n'kumayandama kulowera kuminda, fani ya kudenga ikupalasa. Tinadutsa alimi akuwokera, iwo kumatibayibitsa, ena kumafunsa ngati tagawa kale feteleza. Titafika pa geti lalikulu la madzi, kakowa anatsika, kusomeka chingwe pa chiwongolero cha getilo, n'kudina mwala wina ndi mlomo. Mwadzidzidzi kumwamba kunatuluka mzere wobiriwira, wochokera kuphiri kukafika kumsewu, ukudzaza pang'onopang'ono. Anthu anasiya makasu n'kumawerenga limodzi ngati ana a sukulu.

Utafika pa teni peresenti, zikwangwani za manambala a mapuloti zinamira. Anthu anaomba m'manja. Utafika pa fote, migula ya malire inayamba kusungunuka, wa a Bizaliyele, wa Nangondo, wa amayi ako iwe Dorofe, usaseke. Ine ndinakuwa kuti zimitsani, zimitsani, koma pakamwa panga pankangotuluka kaphokoso kaja kamalira kompyuta ukadina polakwika. Pa sevente, zidole zoopsezera mbalame zinavula zipewa, kutsanzika, n'kulowera kumsewu kukadikira minibasi. Pa nainte naini mzere unaima. Unaima ndithu, dzuwa kulowa, kutuluka, kulowanso, mwana wina kubadwa mpaka kumera mano, ife tili chiimire. Kenaka unati psiti, kudzaza.

Abale inu, sikimu yonse inali thawale limodzi. Kuyambira kuphiri mpaka kumsewu madzi okhaokha, opanda mzere, opanda chikhomo, opanda phesi ndi limodzi lomwe.

"Ndapereka zonse zomwe ndinali nazo," inatero diraivi monyadira.

"Zatheka bwinobwino," anatero kakowa akupukuta mlomo. "Palibe fayilo ndi imodzi yomwe yomwe yakana. Kwina konse ndimapitaku zimavuta, koma kuno zayenda ngati madzi. Bakapu yanuyi ndi yosamalika, ilibe ngakhale kachikanda."

A Tsokalida anatambasula nthenga zonse n'kuzungulira kawiri. "Mwamva? Akatswiri avomereza! Mlembi, lembani mu maminitsi kuti komiti yathokoza tcheyamani."

Ndiye mwadzidzidzi komitiyo inali itakhala kale pamadzipo, pamipando ya pulasitiki, onse asanu ndi awiri atasanduka achule, matayi ali m'khosi. Mlandu unayamba. A Bizaliyele anabwera cham'mbali ali nkhanu, atapanira zikhomo m'zala zonse, akukhoma apa, kukhoma apo.

"Pomwe palibe dzina ndi pa mtundu wathu," ankatero. "Mlamu, ndakhululuka, mbandezo mungosiya pomwepo."

Ine ndinalumpha. Mkwiyo unandibwezera mawu. "Bodza! Pulotiyi ndi ya Nangondo! A Filimoni adabwera okha, ndidalemba ndine!"

"Umboni, umboni, umboni," analira achule.

"Umboni ndine! Ndidawaona ndi maso angawa!"

"Za pakamwa n'zachikale, mai," inatero nkhukutembo. "Ife tili mu dijito. Itanani kaundula."

Kaundula wathu wa chikuto chofiira uja anabwera akuyenda pamadzi, atavala nsapato zosongoka, n'kudzitsekula yekha. Anawerenga Lachisanu limodzilimodzi, zaka zitatu zathunthu, osadumpha ngakhale la Khirisimasi. Lachisanu lakuti, bakapu ili bwino, wasaina E. Mtambalika. Lachisanu lakuti, bakapu ili bwino, wasaina E. Mtambalika. Dzina langa lomweli, kulembedwa bwino, ndi kamchira kaja ndimakakhotetsa kumapeto. Ndinafunafuna pomwe adasaina a Tsokalida, koma malo awo onse anali timapazi ta nkhuku tosawerengeka.

Chule wamkulu anatsitsa magalasi. "Tsono tiuzeni, mai. Mukunama lero, kapena munkanama Lachisanu?"

Manyazi anandigwira, anzanga, ndinalakalaka nditamira. Ndipo sanali manyazi a m'maloto ayi, mpaka pano ndikuwamvabe.

Ndiye chapatali kunatulukira kabaza ikuyenda pamwamba pa madzi, wopalasa palibe, koma kumbuyo kwake atakhala a Filimoni, ndi chijasi chawo chija chabulauni. Inaima pafupi nane. Sanakalipe, malemuwo sankadziwa kukalipa.

"Mai Elube, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo?"

"Kuno n'kwabwino, chifuwa chidasiya. Koma tandikumbutsani, tsiku lija mutamaliza kulemba mudandiuza chiyani?"

"Ndidati zasungidwa, bambo, pitani mukapume."

"Eya, ndi momwemo. Ndiye ine ndidakhulupirira." Anagwedeza mutu, kabaza n'kunyamuka, iwo osacheukanso.

Ndinagwada m'matopemo n'kuyamba kulemba ndi chala. Ndikalemba Na, madzi afufuta. Ndikafika pa Nango, madzi afufuta. Ndinapempha diraivi kuti chonde tsekula pakamwa ndikuuze dzina limodzi lokha, ulisunge. Iyo inati pepani mai, lero si Lachisanu, ndiponso ine sindimva za pakamwa, ndimadya za pachingwe. Nangondo anali chiimire pambali panga, mtolo uli pamutu.

"A mlembi, ndiwokere pati? Mbandezi zikufota."

Ndinaloza apa, panali chikhomo cha nkhanu. Ndinaloza apo, chikhomo china. Nkhukutembo inatulutsa chidindo chachikulu ngati mtondo kuti itseke mlandu, n'kuyamba kudinda pamadzi, kho, kho, kho, achule akuvomereza, kho, kho, kho.

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, koma kho, kho uja sanasiye. Ndinasuzumira pawindo. Anali Nangondo weniweni, pa mwala uja wa panjira kuseli kwa nyumba yanga, akugogoda mpini kuti khasu lilowe bwino, akupita kupuloti kukagwirako pang'ono mlandu usanayambe. Atandiona anamwetulira.

"Mwadzuka bwanji, a mlembi? Akuti katswiri uja afika naini koloko, eti? Alamu anga dzulo amandiopseza, koma ine ndagona tulo tabwino. Ndawauza kuti a mlembi athu amasunga, sadumphitsa ndi Lachisanu limodzi lomwe."

Anagogodanso mpini kawiri, kho, kho, kuika khasu paphewa, n'kumapita.