Zenera la Jaji Sandvik

Malemu Jaji Orval Sandvik ankaweruza milandu zenera lili chitsegulire, kuno ku Dakota kumene chisanu chimaumitsa malovu asanafike pansi. Chifukwa chake sankabisa: loya akafundidwa amalankhula mpaka dzuwa kulowa, koma akazizidwa amanena zofunika zokha n'kukhala pansi.

Kuwachotsa kunali kosatheka. Jaji wa khoti la boma lalikulu akangosankhidwa ndi pulezidenti, mpandowo ndi wake mpaka imfa. Maloya anakadandaula ku khoti la apilo, akuluakulu aja anavundukula mabuku onse, lamulo la mazenera osalipeza. Eniakewo, akuti, m'kati mwa mkanjo wakuda uja ankabisamo majuzi ndi kabulangete ka akazi awo.

Mdani wawo anali Prescott Dunleavy, loya wa makampani, munthu woti akayamba kukupatsa moni khofi wako amazizira. Tsiku lina analowa atavala chijasi chosakira agwape.

"Bambo Dunleavy, mwabwera kudzasaka?"

"Olemekezeka, adokotala anandiuza kuti..."

"Adokotala anuwo akaweruze kuchipatala. Muno ndi suti ndi tayi."

M'mawa mwake Dunleavy anabwera atanenepa mwadzidzidzi, mawondo osapindika, atasanjikiza zovala zaubweya kunsi kwa suti. Jaji anamuyang'ana mwachifundo, n'kuitana mlonda wa khoti. "Duane, bwanawa atenthedwa. Tsegula linalo."

Ndiye kunabwera mlandu wa Mayi Verna Schlosser, gogo wamasiye. Kampani ina inkafuna kudutsitsa paipi ya mafuta pamunda pawo, pomwe panali manda a amuna awo. Nzeru ya Dunleavy inali yokoka mlandu mpaka gogoyo atope, asayine. Anabwera ndi mapepala pangolo. Koma asanamalize tsamba loyamba, mano anayamba kugundana, masharubu atayera mbuu.

"Mwa... mwachidule, Olemekezeka..."

"Mawu amenewo ndawadikira kuyambira ndili ndi tsitsi," anatero Jaji.

Kenako anaimirira Mayi Schlosser, kamunthu kochepa, kakutsokomola. Nkhani yawo anaiyambira kutali, kugule kumene anakumana ndi amuna awo. Jaji anawayang'ana kanthawi, anadzuka okha, n'kukatseka zenera. Linalira ngati nkhumba, poti silinatsekedwepo. Duane anaganiza zoitana ambulansi, poyesa kuti Jaji adwala.

Gogoyo analankhula mpaka madzulo: za ng'ombe, za chilala, za mtengo umene anaubzala pamandapo.

"Ndikutsutsa, Olemekezeka," anatero Dunleavy. "Ine munanditsegulira."

"Inu amakulipirani pa ola. Awa akulankhula ulere. Pitirizani, mayi."

Mukapita kumundako lero, mupeza paipi ija inakhota ngati njoka yoona moto, manda ali pomwepo.

Jaji anamwalira mu Julaye, dzuwa likuswa mtengo, ndipo tonse tinagwirizana kuti chinawapha ndi kutentha. Amene analowa m'malo mwawo anakhomera mazenera misomali. Masiku ano m'khotimo ndi mofunda ngati m'khola la anapiye, maloya amalankhula mpaka kusasa mawu, milandu siitha, Duane amangosinza pampando.

Dunleavy anakalamba, anasiya ntchito. Koma chisanu chikafika pachimake amapita kumanda a Jaji. Duane anamuonapo: amavula chijasi, amakonza tayi, amaima njenjenje.

"Ndamaliza, Olemekezeka."

Basi, n'kuthamangira m'galimoto.