Mapiritsi Ofiira a Tiwonge

Nkhani iyi ndimafuna kufa nayo. Koma poti pa Chintheche ponse anaimva kale, ndipo aliyense akuithira mchere wake, bola ndiifotokoze ndekha mwini manyazi.

Ine sukulu ndinalekezera fomu 1. Chifukwa chake ndi Wezi, mwana wanga, amene pano akuthamangitsa nkhuku pabwalopa. Amayi atamwalira ndinatenga mng'ono wanga Tiwonge kuti azikhala nafe, ndipo ndinalumbira pamaso pa Chiuta kuti uyu yekha amaliza fomu 4, zivute zitani.

Choncho diso langa silinkachoka pa iye. Akachedwa kuchigayo, ndafunsa. Akaseka ndi mnyamata padepoti, ndamva asanafike pakhomo. Tsiku lina ndinamupeza pabwalo la sukulu atavala kabudula, akuthamanga miyendo yonse ili pamtunda. Ndinamukalipira mpaka analonjeza kuti zothamangazo wazisiya.

Itakwana temu yachiwiri ya fomu 4, ndinayamba kuona zinthu.

Mwana ankadzuka nkhuku zisanatsike, ati akukawerenga ndi anzake. Pobwera, thukuta lili kamukamu. M'mawa wina ndinamumva akusanza kuseri kwa bafa. Kudya ndiye musanene! Tiwonge amene ankakwinya nkhope akaona usipa, tsopano ankatafuna ndi mitu yomwe. Mazira a nkhuku zanga anayamba kusowa. Tiyi anasiya, ati akufuna madzi a mandimu.

"Mandimu?" ndinafunsa.

"Eee, asisi. Ndikungowafuna."

Mandimu ine ndimawadziwa. Ndili ndi pakati pa Wezi ndinayeretsa mtengo wonse wa aneba.

Kenaka tsiku lochapa ndinapisa m'thumba la yunifomu yake, n'kupeza kapulasitiki, m'kati muli timapiritsi tofiira. Mwe! Mabuku ndinasiya msanga, koma timapiritsi timeneti sindingatisokoneze ndi tina. Ndi tija amapereka kusikelo ya amayi oyembekezera, towonjezera magazi. Ndinakhala pansi pomwepo, sopo ali m'manja.

Mwina mukuti bwanji sunangomufunsa. Inetu ndinafunsidwapo. Ndinakana kwa amayi, ndinakana kwa aphunzitsi, ndinakana mpaka yunifomu inandikana. Mtsikana sufunsa, umamulondola.

M'mawa mwake ndinamulondola chapatali, wopanda nsapato kuti ndisamveke. Anadutsa m'minda ya chinangwa n'kutulukira pamsewu wa tala wopita ku Kande. Patsinde pa mango panaima bambo wina ndi njinga. Ndinawazindikira: a Makwinja, a ku Mulanje, amene amaphika paloji ina kunyanja. Munthu wapabanja!

Anapisa m'chikwama n'kumupatsa Tiwonge nthochi ndi dzira lowiritsa. Kenaka anamugwira pachibwano, n'kumukoka chikope, n'kumamuyang'ana m'maso chapafupi.

Sindinadikire zina. Ndinaliyatsa liwiro la kwa Ankhazi, alongo awo a malemu bambo athu, amene amatiyankhulira pa nkhani zonse za pabanja.

"Waona ndi maso ako?" anafunsa Ankhazi.

"Dzira, Ankhazi! Lowiritsa! Mwamuna angawiritsire dzira mwana wa eni popanda chifukwa?"

Ndinawaonetsa mapiritsi. Anawatembenuza m'manja n'kupukusa mutu.

"Basi, palibe zochedwa. Mimba sigonera pakhomo pa mtsikana. Tikaitule kwa mwini wake."

Kwathu kuno zimayenda chomwecho. Mtsikana akapatsidwa mimba, azimayi akuluakulu amamuperekeza kwa mwamunayo n'kukamusiya komweko ndi katundu wake. Inenso anandiperekeza motero. Ankhazi anaitana anzawo awiri a kutchalitchi, ine n'kukalongeza chikwama cha Tiwonge. Poika makope ake ndinalira, chifukwa ndinkadziwa kuti kope likalowa m'chikwama chotere silitsegulidwanso.

Loweruka masana ndinamuitana.

"Tiwonge, vala chitenje. Tikupita kwa a Makwinja."

Mwana anadzidzimuka. "Asisi, pepani, ndimafuna ndikuuzeni, koma ndimaopa kuti..."

"Tseka pakamwa!" anatero Ankhazi. "Ukayankhulira komweko."

Kwa ine kupepesako kunali kuvomera basi.

Tinanyamuka pamzere, Ankhazi patsogolo, Tiwonge pakati, ine pambuyo chikwama chili pamutu. Tsono mzere wotere sufuna kulengeza. Aliyense patauni amadziwa tanthauzo lake. Amayi ogulitsa nsomba anavundikira madengu n'kutitsatira. A kabaza anasiya makasitomala. Pofika kwa a Makwinja tinali ngati kwaya.

Tinawapeza akukonza tcheni cha njinga. Akazi awo, amene ndi nesi pachipatala chathu, ankapeta mpunga pakhonde. Anatiyalira mphasa, tinalonjerana, gulu lija litaima kumpanda ngati likungodutsa.

Ankhazi anakonza kukhosi. "Ada Makwinja, takubweretserani mwana uyu. Munayamba ndinu, mumalize ndinu."

A Makwinja anamwetulira mpaka mano onse panja. "Zikomo kwambiri, amayi! Ndiye kuti mwalola? Mwana ameneyu ali ndi tsogolo."

Apo ndiye ndinaphulika.

"Tsogolo lanji, bambo inu? Mulibe manyazi? Nanga awa ndi chiyani?" Ndinaponya kapulasitiki kaja pamphasa.

Mayi Makwinja anakatola n'kukayang'ana. "Awa ndinamupatsa ndine."

"Inu? Mkazi wake weniweni? Ndiye mukudziwa zonse?"

Anaika lichero pansi pang'onopang'ono. "Mayi a Wezi, inu mukuganiza kuti mwanayu ali ndi chiyani?"

"Mimba!"

Sipanala ya a Makwinja inagwa pansi.

"Asisi!" anakuwa Tiwonge. Anaimirira n'kumasula chitenje. M'kati munali kabudula uja, amene ndinkayesa kuti anatayidwa kalekale. "Ine ndimayesa mwadziwa kuti ndikuthamanga!"

A Makwinja anafotokoza kuti kwawo ankathamanga m'mapiri, ndipo pano amaphunzitsa ana a sukulu tereningi m'mawa asanalowe kukhitchini. Atsikana alipo gulu. Ndikanadikira pang'ono patsinde pa mango paja ndikanawaona onse akufika. Anati pa mtunda wautali Tiwonge alibe mnzake, ndipo sukulu ikufuna kumutumiza ku mpikisano ku Mzuzu.

"Nanga mumamuyang'aniranji m'maso?" ndinafunsa, mawu atayamba kuchepa.

"Chikope, mayi. Chikayera ndiye kuti magazi achepa. Anandiphunzitsa ndi akazi angawa."

Mayi Makwinja anapitiriza. "Ankachita chizungulire pa tereningi, ndiye ndinamuyeza kuchipatala, n'kupeza kuti magazi ndi ochepa. Zimawachitikira atsikana othamanga mitunda italiitali, makamaka ngati kunyumba ndi kondowole masana, kondowole madzulo, ndiwo za patalipatali."

"Kondowole walakwanji?" Ankhazi anadzuka nazo. "Tonse takula ndi kondowole ife!"

"Sanalakwe, amayi. Mphamvu amapereka, koma magazi sapanga. Pamafunika usipa, nyemba, mazira, chigwada, bonongwe. Mapiritsiwa ndi ayironi, omwe aja timapatsa oyembekezera, chifukwa magazi ndi amodzimodzi. Ndi a kanthawi chabe. Magazi akakwera asiya, chotsala chikhala chakudya."

"Mandimu?" ndinayesanso.

"Amathandiza ayironi kulowa m'thupi. Tiyi amatsekereza."

"Kusanza?"

Apa Mayi Makwinja anatembenukira kwa Tiwonge. "Iwe, sindinakuuze kuti usamwe piritsi ukupita kothamanga? Unasanza chifukwa cha kusamva kwako."

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo n'kupepesa. Koma ine ndinacheuka kumpanda n'kuona amayi a nsomba atagwirana mapewa, a kabaza akupukuta misozi. Ndinati ayi, sindingabwerere chimanjamanja.

"Zokamba ndamva," ndinatero. "Inenso ndinkakamba bwino nthawi yanga. Ndikufuna umboni. Mumuyeze."

Tiwonge anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo. "Chabwino, asisi. Koma ndikayezedwa ine, inunso muyezedwe. Manyaziwa tigawane."

Ndinaseka. "Ine? Bweretsani ngakhale khumi!"

Mayi Makwinja analowa m'nyumba n'kutuluka ndi tizipangizo tiwiri toyezera mkodzo. Tinapita kuseri mmodzimmodzi, kenaka anaika tizipangizoto pampando, tonse titazungulira ngati tikudikira zotsatira za mayeso. Kamodzi kanatulutsa mzere umodzi n'kuima. Kachiwiri kanatulutsa mzere, n'kuyambanso wina.

Mizere iwiri ine ndimaidziwa. Ndinakatola n'kukakweza m'mwamba kuti a kumpanda aone bwino.

"Ankhazi! Sindinanene? Mizere iwiri! Anthu inu mumandiseka, onani! Mimba ilipo!"

Mayi Makwinja anandigwira mkono mwaulemu.

"Ilipodi, mayi a Wezi. Koma ka Tiwonge ndi aka katsala pampandoka. Kamene mwanyamulako ndi kanu."

Kumpanda wina anayimba nthungululu. Tiwonge anagwa pamphasa ndi phwete. A Makwinja anatola sipanala n'kukabisala kuseri kwa njinga, mapewa akugwedera.

Ankhazi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupumira m'mwamba.

"Nanga iyi tikaitule kuti?"

Tinabwerera pamzere womwe uja, koma tsopano pakati panali ine. Bambo a Wezi tinawapeza akusoka ukonde, ndipo atamva anavina pabwalo ngati akoka ukonde wa chilimira wodzaza. Mwa anthu onse tsiku limenelo, ndi iwo okha amene sanandiseke.

Pano Tiwonge amatuluka pakhomo ndi kabudula wake poyera, makope ali pamsana. Dzira ndimamuwiritsira ndine, ndipo ku Mzuzu akupita mwezi wamawa. Mapiritsi ofiira timamwa tonse awiri, mandimu timalimbirana, aneba ayamba kale kulondera mtengo wawo.

Ukamafufuza m'thumba la mnzako, uziyamba wapisa m'lako.