Ulendo wa Bipi Unandisandutsa Namfedwa

Mpaka lero anthu akale akandiona pachigayo amati, "Abwera anamfedwa," chonsecho amuna anga alipo, akudya bwinobwino, mano okha ndiwo anatha. Ndikuuzani, koma musakandiseke kutchalitchi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi ija, khadi osachoka pamfundo ya chitenje. Ine ndinali nditanenepa zedi, poti ntchito yanga inali kukhala pampando n'kumagulitsa usipa (komanso mafuta a kampango sindinkataya, ndisaname). Mutu kuwawa, chizungulire tsiku ndi tsiku. Kuchipatala adokotala anandimanga chilamba pamkono, kupopa, kenaka n'kupukusa mutu.

"Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Imeneyi ndi bipi. Mukapanda kusamala mufa ziwalo. Chepetsani mchere, ndipo m'mawa uliwonse muziyenda mwandawala mpaka thukuta lituluke. Osaima n'kumacheza."

Kufa ziwalo! Ine amene ndinaona azakhali anga akumwetsedwa phala ndi supuni! Ndinati ndiyamba mawa lomwe.

Tsono usiku umenewo kunawomba mwera, ndipo kutacha abambo a Rozi, amuna angawo, anali asanabwere kunyanja. Sindinade nkhawa, poti mwera ukavuta ankakocheza ku Chipoka kwa achimwene awo. Ndinamanga chitenje, uyo, msewu wakumtunda. Pamutu popanda ndowa, m'manja mopanda khasu. Inu, kwathu kuno mzimayi woyenda chimanjamanja mofulumira m'mamawa amakhala wanyamula chinthu chimodzi chokha, uthenga wa maliro. Ine ndinaiwaliratu. Chinanso, msewu umenewo ndi wopita kwa apongozi anga.

Abiti Sumani, anzanga oyanika nawo usipa, anali akusesa pabwalo.

"Amake Rozi, kwagwanji? Abambo afika?"

Ndinangokweza dzanja. Si paja anati osaima? Thukuta likulowa m'maso, ndikupukuta ndi chitenje, mpweya uli befu befu. Ndinawamva kumbuyo akufuula "Innalillahi!", mawu aja Asilamu amanena pakagwa tsoka, koma ndinati mwina aona njoka.

Nditafika pamlatho ndinamva phokoso. Kucheuka, mayo ine! Azimayi msewu wonse, manja kunkhongo, akulira kuti, "Nyanja yatilanda bambo!" Mumtima ndinati basi, amuna anga amira, anthuwa akundithamangira kudzandiuza. Nanenso ndinayamba kukuwa. Iwo poona ine ndikukuwa, anatsimikiza. Palibe anafunsa mnzake.

Anandibweza kunyumba atandigwira uku ndi uku. Pofika masana mipando inali panja, apongozi atafika n'kumagubuduka m'fumbi, atcheyamani a chipani atalengeza kuti lero kulibe msika. Mbuzi yanga ya Khirisimasi (yamawangamawanga, inkadya m'manja mwanga) inali itasendedwa kale.

Ndiye kunatulukira munthu, nkhafi paphewa, nsomba zinayi za chambo pachingwe.

"Kodi wamwalira ndani pakhomo panga?"

Abale inu, sindinaonepo nkhalamba zikuthamanga chomwecho. Ngakhale atcheyamani anasiya chipewa.

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, amuna anga anafunsa kuti uthengawo unabwera ndi ndani. Aliyense kuloza mnzake, mpaka chala chinafika pa Abiti Sumani. Iwo n'kuloza ine.

"Ndakufunsani za abambo, inu n'kungokweza dzanja mukupukuta misozi!"

"Linali thukuta," ndinatero ndi mawu aang'ono. "Ndimayendera bipi."

Apongozi anadzuka, fumbi mpaka m'makutu, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiye kuchipatalako anakuuzani kuti moni amathamangitsa magazi?"

Mbuzi inadyedwa ndithu, ndipo chiwindi anadya ndi malemuwo.

Kuyenda sindinasiye, poti kufa ziwalo ndimakuopabe. Koma masiku ano ndimasenza ndowa yopanda kanthu, ndipo aliyense ndimamupatsa moni, kufunsa ana, nkhuku, zonse. Ndikachoka m'mawa ndimabwerako dzuwa lili pamutu, thukuta ngakhale dontho osatuluka. Adokotala akafunsa ngati ndikuyenda mwandawala, ndimangoyang'ana pansi. Mbuzi ina ndilibe.