Ziphapha za Don Nicanor

Malemu Don Nicanor Arvizu sankavomera kuti galimoto imafa. Munthu amafa, bulu amafa, koma galimoto ankati imangokomoka. Tsono kuno ku San Isidro anthu akatopa ndi galimoto amakaikankhira mumtsinje wouma kumunsi kwa mudzi, ndipo a Nicanor ankapita ndi abulu awo awiri kukaiguza mpaka kunyumba.

Amene anaona zakuda ndi akazi awo, Doña Eduviges. Kuseri kwa nyumba anali ndi dimba la tsabola losiyiridwa ndi mayi awo, ndipo chiphapha chilichonse chobwera chinkadyako mzere. Akadandaula, bambowo ankalonjeza kuti n'za sabata imodzi yokha. Sabata imeneyo inawameretsa imvi onse awiri.

"Bambo, imeneyi ndiye ilibe ngakhale tayala," anatero mayiwo tsiku lina.

"Matayala ndi nsapato chabe, mayi. Munthu wopanda nsapato mumamuika m'manda?"

Madzulo amuna a m'mudzi ankadzakhala m'ziphaphamo, kumwa khofi wa mayiwo n'kumalangiza a Nicanor, chonsecho panalibe anagwirapo sipanala. Pa galimoto zonsezo inalira imodzi yokha. Inatsokomola, nkhuku inatulukamo ikuthawa, kenako inayenda chobwerera m'mbuyo mpaka kusalaza mizere ya tsabola imene inatsala. A Nicanor anatuluka mano onse pamtunda, akufunsa ngati aliyense waona kuti yayenda. Mayiwo sanawapangire tortiya, buledi wathu wa chimanga uja, masiku angapo.

Imfa inawapeza pansi pa lole yakale, miyendo ili kunja. Doña Eduviges anabwera ndi khofi n'kuikalipira miyendoyo kwa kanthawi ndithu, asanazindikire kuti ulendo uno chete wake ndi wina.

Maliro atatha kunabwera wogula zitsulo wa ku Hermosillo. Anazungulira, kugogoda apa ndi apo, n'kunena kuti palibe choti n'kudzutsa, angogula kulemera kwake. Mayiwo anamuuza kuti atenge zonse, asasiye ngakhale msomali. Anali atatopa, ndipo sanachite nazo manyazi.

Dimba lija linabwerera lonse mpaka kumpanda. Analima ndi msana wawo wokalambawo, anafesa, anathirira m'mawa uliwonse. Amuna a khofi aja anasiya kubwera, popeza panalibenso pokhala. Kumtsinje ziphapha zatsopano zinkangounjikana, palibe wozimvera chisoni, ndipo abulu aja anenepa chifukwa chosowa chochita.

Tsabola sanamere. Atafukula, anapeza dothi lili bii, litamwa oyilo mpaka pansi.

"Mwaona zimene mwachita, bambo?" anakalipa Doña Eduviges, khasu lili m'manja.

Anadikira pang'ono, mwachizolowezi. Koma pabwalo ponsepo panalibe ngakhale chiphapha chimodzi choti munthu n'kuyankhira ali pansi pake.