Tsiku Limene Ndinamwalira ku Mtandire

Abale, manyazi amene ndinachita ku Lilongwe ndi oti munthu wanzeru akanangokhala nawo chete. Koma ine pakamwa sipatsekeka.

Ndinanyamuka kwathu ku Mphunzi kukaona alamu anga ku Mtandire. Chapa Nathenje minibasi yathu inangotsala pang'ono kuwombana ndi thiraki. Ndinatsinzina n'kukuwa, "Mayo ine!" Maso ndinakatsegulira m'tauni.

Mtandire, anthu inu! Nyumba zogundana misana, tinjira toti mbuzi yabere singadutse, utsi wa makala uli tolo ngati nkhungu ya ku Chongoni. Anthu ngati linthumbu.

Tsono kwathu munthu sumudutsa osapereka moni, ngakhale ali kutsidya kwa dimba. Ndinavula chipewa.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Zii.

"Wawa, achimwene!"

Maso awo anangondipyoza ngati galasi.

Ndinapereka moni mpaka kukhosi gwa, osayankha ndi mmodzi yemwe. Ndikakhota apa, nyumba yomweyo. Ndikakhota apo, yomweyonso. Galu anandidutsa osauwa. Ndinaimbira alamu, foni osalowa. Kutembenuka chonchi, manda! Pakati penipeni pa nyumba, zovala atayanika pambali pake.

Ndinati, "Basi Yohane, thiraki ija inakumaliza. Ukuyendawe ndiwe mzimu."

Ndinakhala pa ngalande n'kudzilira ndekha. Ndinalirira akazi anga, ndinaliriranso kabichi wanga wosathirira.

Kenaka fungo la tchipisi. Njala! Ndinaganiza kuti kwathu mizimu imalandira nsembe, siipempha, siifunsa mtengo. Ndinayandikira chiwaya mwaulemu wake wa malemu, n'kutapa dzanja lodzaza, n'kuponya m'kamwa.

Phaa! Chipande chamafuta otentha padzanja.

"Iwe mdala, wapenga?" anakuwa mwini tchipisi, chimnyamata cha mapewa ngati chitseko.

Ine chimwemwe! Ndinamukumbatira. "Bwana, mukundiona? Serious, mukundiona?"

"Ndikukuona bwinobwino! Wakubaaa!"

Eee! Zitseko zonse pha pha pha. Anthu anatuluka m'tinjira, m'mabafa, ena sopo ali kumutu. Ine liwiro, chipewa kutaya, koma ndikuseka: "Ndili moyo! Ndili moyo!"

Mayi wina wa chitenje chofiira, mpini uli m'manja, anayankha kumbuyo kwanga: "Ima kaye, tikonze zimenezo!"

M'tauni, abale, akakusiya osakuona uzithokoza Mulungu.