Zilembo Zanga pa Majezi a ku Nkaya

Lolemba
Ndine Ajasi wa kuno ku Nkaya. Zaka makumi asanu ndi awiri ndinazidutsa kale. Kulemba ndaphunzira ndi imvi ku sukulu ya kwacha, koma kujambula zilembo ndinayamba ndili mnyamata, kuonera pa mabogi a sitima: zonenepa, zamakona, zoima ngati nsanamira. Majezi a timu yathu ndinkalemba ndine. Lero akochi, mwana wa mlongo wanga, abwera ndi majezi atsopano opanda kanthu kumsana. Loweruka tisewera ndi a ku Liwonde. Akuti akadinditse pa makina ku Balaka. Ine iyayi, ndipatseni komaliza maso asanathe. Avomera monyinyirika.

Lachiwiri
Zofunika: katoni, lezala, penti woyera wotsala pa chitseko cha mzikiti. Burashi yanga adya makoswe. Ndikutafuna kamtengo ngati mswachi kuti kalowe m'malo. Mano ake otafunira ali kuti?

Lachitatu
Kudula zilembo pa katoni. Manja akalamba, makona akutuluka ozungulira ngati zitumbuwa. Kale nambala yanga inkadzaza msana wonse. Anyamata owonda ankaoneka zimphona, adani n'kuyamba kuopa mpira usanayambe.

Lachinayi
Nsalu ya masiku ano, yoterera ngati mlamba. Zathu zinali za thonje, zinkamwa penti. Iyi ikukana. Ndikuthira wina pamwamba, winanso pamwamba pake. Kenako ndikukumbukira kuti sindinaike katoni mkati mwa jezi. NKAYA watulukira kumimba.

Lachisanu
Sakuuma. Majezi ndawayanika padenga, ndapita kukaswali. Pobwera ndikupeza mayi akunyumba awapinda bwinobwino n'kuwasanjikiza, akuti fumbi. Majezi onse agwirana, asanduka mtolo umodzi. Akochi aima pakhomo: "Amalume, mwamaliza?" Ndati kwangotsala kumatula.

Loweruka
Tamatula. Wina ali ndi nambala ziwiri, wina theka, wina msana wonse mbuu! A ku Liwonde afika ndi timalemba ta makina, towonda ngati miyendo ya udzudzu. Dzuwa, thukuta, penti wanga wayamba kunanda. Aliyense wogunda mnyamata wathu akuchoka ndi banga. Iwo kuopera majezi awo, angoyamba kutipatuka. Tagoletsa, tapambana. Koma pa bwalo lonse palibe wawerengapo chilembo changa n'chimodzi chomwe.

Lamulungu
Akochi abwera kudzathokoza. Majezi ena akadinditsa ku Balaka basi. Kwa ine akuti zilembo iyayi, koma penti ngati watsala ndiwasungire. Chabwino. Makatoni mayi akolezera moto.

Che Bwanali, goloboyi wathu wakale, masamba ndalembawa ndikukutumizirani ku Mposa. Ngati jezi yanu ija ikadali m'sutikesi, itulutseni muione kumsana. Mundiyankhe, anzanga, mundiuze ngati makona a zilembo zanga akadali akuthwa. Ine ndayamba kukayika.