Pemphero langa linatseka golo la eni ake

Amene anandiuza koyamba ndi Abiti Mussa, mnzanga amene tinkagulitsa naye zitumbuwa pasiteshoni ya sitima ku Balaka. "Amake Filipo, mwana wanu amusankha kukhala goloboyi. Loweruka akusewera ndi a ku Liwonde." Ndikadadziwa, ndikadangotsala pakhomo.

Masiku amenewo bwalo lathu linalibe khoma la njerwa, iyayi. Unali mpanda wa udzu, magolo a mitengo ya bulugama, ndipo polowera anyamata a chipani ankayamba aona khadi la chipanilo. Ine mpira sindinkaudziwa (mpaka lero sindiudziwa), koma kupemphera kokha ndinkatha.

Ndinayala chitenje kuseri kwa golo la Filipo, n'kugwada. "Ambuye, tsekani khomo ili." Posakhalitsa mpira unamudutsa pakati pa miyendo. Ndinati wolakwa ndine, ndikupemphera ndili chiyang'anire. Ndiye osewera atapita kopuma ndinatsinzina zolimba, kolona m'manja, n'kulonjeza kuti sinditsegula maso mpaka amalize.

Palibe anandiuza kuti akapuma amasinthana mbali.

Ambuye ndi okhulupirika, abale anga. Khomolo analitsekadi. Ndinkangomva anthu akukuwa, "Aaa, wagwiranso!" ine n'kumasonkhezera moto: "Mwana ameneyu m'patseni manja khumi!" Wezulo womaliza atalira ndinadzambatuka ndi nthungululu, n'kukamukumbatira goloboyi chakumbuyo (majezi awo onse anali akuda, musandiweruze). Potembenuka, bambo wandevu zake, wa ku Liwonde.

"Zikomo mayi," anatero, "lero ndimangomva ngati tilipo awiri."

Abiti Mussa anakhala pansi ndi phwete. Filipo anatulukira mbali inayo, fumbi thupi lonse. "Amayi, mwatidyetsa! Bwanji osangonditchula dzina?" Sanakwiye, mwana wanga. Njira yonse yobwerera ankangoseka, atandinyamulira dengu langa la zitumbuwa.

Chaka chotsatira anapita kumigodi ya ku Joni. Makalata ankabwera, kenako zii. Ndikamadutsa pabwalopo n'kumva wezulo, miyendo imaima yokha, maso n'kumafunafuna jezi yakuda. Ndimathokozabe kuti tsiku limodzi ndinamuona akusewera, ngakhale theka lokha.

Inu amene mwawerenga izi, chonde mukumbukire banja lathu m'mapemphero. Koma musanene kuti "mwana amene ali ku Joni," mwina anasinthanso mbali. Muzimutchula dzina. Ndi Filipo.